Kamvedwe ka mumtima ndi chilimbikitso (phunziro la ku yunivesite)

Kamvedwe ka mumtima ndi chilimbikitso ndi gawo la maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, omwe ku yunivesite amatchedwa psychology. Gawoli limafufuza mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti mantha, mkwiyo, chisoni, chimwemwe, manyazi ndi nsanje zimayamba bwanji mwa munthu. Lachiwiri ndi lakuti n'chiyani chimachititsa munthu kuyamba ntchito, kuipirira kapena kuisiya. Mafunsowa amaphunzitsidwa pamodzi chifukwa zomwe munthu akumva mumtima nthawi zambiri ndi zomwe zimamukankha kuti achite kanthu.

Chichewa chimaika zonsezi mu mtima. Munthu amapsa mtima, amataya mtima, amalimba mtima kapena kukhazika mtima pansi. Asayansi amati ntchito yaikulu imachitika mu ubongo, koma mawu a makolowa sanaphonye kwenikweni, poti mtima umagundadi mofulumira munthu akaopa.

Mbiri ya phunziroli

Mu 1872, Charles Darwin anasindikiza buku lofotokoza kuti anthu ndi nyama amaonetsa mantha ndi mkwiyo m'njira zofanana. Mu 1884, William James wa ku America anabwera ndi ganizo lomwe limadabwitsa ophunzira ambiri akalimva koyamba. Anthu amaganiza kuti msodzi akaona ng'ona mu mtsinje wa Shire amayamba wachita mantha, kenako n'kunjenjemera ndi kuthawa. James anati zimachitika mosemphana ndi mmenemo: thupi ndi lomwe limayamba kunjenjemera, ndipo msodziyo akamva kusintha kwa thupi lakeko ndiye amati wachita mantha. Dokotala wa ku Denmark, Carl Lange, ananena zofanana ndi izi mu 1885.

Walter Cannon anatsutsa ganizoli mu 1927. Iye anati mtima umagunda mofanana munthu akaopa, akakwiya ngakhalenso akathamanga, choncho thupi palokha silingamuuze munthu chomwe akumva. Mu 1962, Stanley Schachter ndi Jerome Singer anayesa kulumikiza mbali ziwirizi ponena kuti thupi limadzidzimuka, kenako munthu amayang'ana zomwe zamuzungulira n'kupeza dzina la chomwe akumvacho. Paul Ekman anaonetsa zithunzi za nkhope kwa anthu a mtundu wa Fore ku Papua New Guinea, ndipo anati pali kamvedwe kangapo komwe kamadziwika pa nkhope kulikonse pa dziko lapansi. Akatswiri ena amakanabe zimenezi mpaka lero.

Pa nkhani ya chilimbikitso, dzina lomwe wophunzira aliyense amaloweza ndi la Abraham Maslow. Mu 1943 iye anasanja zosowa za munthu ngati makwerero: chakudya ndi madzi pansi, kenako chitetezo, chikondi cha anthu ena, ulemu, ndipo pamwamba penipeni kukwaniritsa luso lomwe munthu ali nalo. Makwererowa ndi osavuta kuloweza, koma umboni wake ndi wochepa. Mayi amene amagona ndi njala kuti mwana wake adye sakwanira bwino pa makwerero amenewa. Edward Deci anapeza mu 1971 kuti kulipira munthu pa chinthu chomwe amachikonda kale kukhoza kuchepetsa chidwi chake malipirowo akasiya kubwera. Iye ndi Richard Ryan anasiyanitsa chilimbikitso chochokera mkati mwa munthu ndi chochokera kunja, monga ndalama kapena chilango.

Ku Malawi

Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo psychology yakhala ikuphunzitsidwa ku Zomba, pa sukulu yomwe kale inkatchedwa Chancellor College. Wophunzira amalowa ndi satifiketi ya MSCE ndipo digiri yoyamba imatenga zaka zinayi. Ofuna udokotala ndi unamwino amakumananso ndi phunziroli ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba kuima payokha mu 2021, komanso ku koleji ya St John of God ku Mzuzu.

Kafukufuku wodziwika kwambiri wa chilimbikitso yemwe anachitika m'dziko muno ndi wa m'zaka za m'ma 1990. Stuart Carr ndi Malcolm MacLachlan, omwe ankaphunzitsa ku Chancellor College, anaona kuti aphunzitsi ochokera kunja ankalandira malipiro okwera kwambiri poyerekeza ndi Amalawi ogwira ntchito yomweyo. Iwo anati kusiyana kotereku kumafooketsa mbali zonse ziwiri. Wolandira zochepa amaona kuti palibe chilungamo, ndiye amachepetsa khama kapena kufuna ntchito kwina. Wolandira zambiri amavutika ndi chikumbumtima, ndipo pofuna kudzitonthoza akhoza kuyamba kukhulupirira kuti iye ndi wanzeru kuposa mnzakeyo, zomwe zimaononga mgwirizano. Mu 1998 iwo pamodzi ndi Rose Chipande anasindikiza zomwe anapeza pa nkhaniyi. Carr ndi MacLachlan analembanso za momwe munthu wochita bwino pa ntchito amakokedwera pansi ndi anzake kapena kuponderezedwa ndi mabwana ake. Amalawi ambiri sangafunike pulofesa kuti awauze za nsanje. Chatsopano chinali chakuti anayesa kuiyeza ndi kuonetsa kuti khalidweli limapezekanso m'maiko ena.

Chiwoza Bandawe, katswiri wa za maganizo yemwe waphunzitsa ophunzira udokotala ku Blantyre, analemba buku la Practical uMunthu Psychology. Mfundo yake ndi yakuti munthu wa kuno amadziona kudzera mwa anthu ena, choncho maphunziro ochokera ku Ulaya ndi America, omwe amaika patsogolo munthu payekha, safotokoza zonse.

Chitsanzo cha ku Chigwa cha Shire

Madera a Chikwawa ndi Nsanje amaonetsa bwino chifukwa chake phunziroli ndi lofunika. Madzi anasefukira kwambiri kumeneku mu Januwale 2015, ndipo zinabwerezanso mu Malichi 2019 nthawi ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira, kufupi ndi dera la Mfumu Kasisi, ndipo mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Nthawi zonsezi boma lakhala likupempha anthu kuti asamukire kumtunda. Ena amasamuka, koma ambiri amabwerera madzi akaphwa, ndipo anthu a kutali amafulumira kuwanena kuti ndi osamva.

Psychology imayang'ana nkhaniyi mwa njira ina. Kurt Lewin anafotokoza m'zaka za m'ma 1930 za vuto la munthu amene chinthu chimodzi chomwecho chikumukoka komanso kumuopsa. Mtsinje womwe umagwetsa nyumba ndi womwewo umasiya dothi lachonde m'madimba, momwe banja limakolola chimanga, nyemba ndi mbatata m'chilimwe, m'chigwa chomwe mvula imavuta. Mantha amakhala aakulu madzi akangodutsa kumene ndipo amazirala pakapita miyezi, pomwe njala imabwera tsiku lililonse. Palinso manda a makolo, abale, ndi ufumu, poti nyakwawa ikasamukira pa malo a mfumu ina imasanduka mlendo. Munthu wobwerera kumadimba amakhala atayeza zonsezi, ngakhale sananene.

Palinso zomwe Martin Seligman anapeza mu 1967, zakuti nyama ikakumana mobwerezabwereza ndi ululu womwe singathe kuupewa imasiya kuyesa kuthawa, ngakhale njira itatseguka. Akatswiri amagwiritsa ntchito ganizoli pofotokoza kutaya mtima kwa anthu ena, monga mlimi amene wamanga nyumba katatu, katatu konse n'kugwa. Sikuti aliyense amafika pamenepa. Omwe ali ndi abale, mpingo kapena gulu lowathandiza amachira msanga, ndipo n'chifukwa chake alangizi otumizidwa ku misasa ya anthu othawa madzi amaphunzitsidwa kumvetsera kaye ndi kulumikiza munthu ndi abale ake asanayambe kumulangiza.