Akachira khansa ya m'matumbo, tisawasiye pamkeka

Mnzathu akatuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo, ife amayi a m'bungwe timadziwa chochita. Timapita ndi ufa, sopo ndi nkhuni, timapemphera naye, ndipo akangoti adzuke timamugwira mkono: "Khalani pansi amayi, tichita ndife." M'masabata oyamba zimenezi n'zoyenera. Vuto limabwera pamene miyezi yadutsa, bala lapola, mankhwala atha, koma mnzathuyo adakali pamkeka pakhonde chifukwa apabanja akuopa kuti akatopa matenda abwerera.

Umboni wa madokotala ukusonyeza zosiyana ndi mantha amenewa. Mu June 2025, magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa CHALLENGE, amene anachitika makamaka ku Canada ndi ku Australia. Anatenga anthu 889 odwala khansa ya m'matumbo aakulu, onse atachitidwa kale opaleshoni ndiponso atamaliza mankhwala amphamvu aja a kemo. Anawagawa pawiri mwamaere. Gulu loyamba linapatsidwa timabuku tolimbikitsa kudya bwino ndi kulimbitsa thupi, basi. Gulu lachiwiri linalandira timabuku tomweto, koma aliyense anapatsidwanso mlangizi womutsatira kwa zaka 3. Chaka choyamba ankakumana pa masabata awiri alionse, kenako kamodzi pamwezi. Ambiri anasankha kuyenda ndawala, mphindi 45 mpaka 60, katatu kapena kanayi pasabata.

Patatha zaka 5, mwa anthu 100 alionse a gulu la alangizi, 80 anali moyo ndipo khansa inali isanabwerere. M'gulu la timabuku anali 74. Patatha zaka 8, amoyo anali 90 pa 100 m'gulu la alangizi, pamene m'gulu linalo anali 83.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti magulu onsewa anauzidwa kuti kuyenda n'kwabwino. Uthenga anaumva onse. Chinasiyanitsa ndi munthu wobwera kudzafunsa kuti, "Sabata ino mwayenda kangati? Chakulepheretsani n'chiyani?" Tonse timadziwa momwe zimakhalira: adokotala akatilangiza timayamba ndi moto, pakapita mwezi mvula yagwa, kwagwa maliro, bondo lawawa, ndiye zathera pomwepo. Alangizi a ku Canada anali ophunzira ntchitoyo, ife ayi. Koma kubwera mosadumphitsa, kukumbukira zimene tinagwirizana ndi kusatopa ndi munthu, imeneyo ndi ntchito imene timaigwira kale m'miphakati.

Poyamba, wodwalayo afunse adokotala ake pa tsiku lokaonedwanso kuchipatala ngati angayambe. Anthu a m'kafukufukuyu anali atamaliza chithandizo chonse, ndipo kuyenda sikulowa m'malo mwa opaleshoni, mankhwala kapena masiku obwerera kuchipatala.

Akaloledwa, ayambe pang'ono. Mphindi 5 kapena 10 kuzungulira nyumba n'zokwanira kwa munthu amene wagona nthawi yaitali. Aziwonjezera sabata ndi sabata kufikira mphindi 150 pasabata, muyeso umene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kwa akuluakulu. Kumeneko ndi theka la ola kwa masiku asanu. Liwiro loyenera mulidziwa chonchi: kuyankha kolona mungathe, koma mukati muyimbe nyimbo ya kwaya mpweya uperewera.

Ena anena kuti, "Ife timagwira kale ntchito, za masewero n'za m'tauni." Ntchito zapakhomo zimathandizadi, koma pambuyo pa opaleshoni ya pamimba zina mwa izo ndi zoopsa. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Kuisenza, kusinja kapena kukweza thumba la chimanga minofu isanagwirane kungachititse kuti matumbo atuphuke pamalo pa bala. Amene anaboolidwa pamimba n'kuikidwa kathumba kolandirira chimbudzi ayenera kusamala koposa. Choncho tigawane motere: ndowa tisenze ndife, koma ulendo wa kuchitsime tipitire limodzi.

Za kathumbako, ambiri safuna kutuluka chifukwa cha manyazi, kuopa fungo kapena kudontha. Kukhuthula kathumba asananyamuke ndi kusankha njira yodutsa pafupi ndi nyumba ya mnzathu wokhulupirika kumachotsa nkhawa zambiri. Ndipo nkhani ya kathumba isamveke pamsonkhano wa bungwe ngati mwiniwake sanaiyambe yekha.

Kemo ina imasiya dzanzi kumapazi, moti munthu saimva minga kapena mwala. Ameneyu avale nsapato zotseka, osati patapata, ayende m'njira yosalala kukadali kowala, ndipo aziona mapazi ake akabwerako. Kutopa kumene kumatsatira khansa nakonso kumanyenga. Kugona tsiku lonse sikukuchotsa, pamene kuyenda pang'ono kumakuchepetsa. Koma akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika, malungo, kapena akaona magazi m'chimbudzi kapena chotupa pabala, aime ndipo apite kuchipatala.

Kuti ziziyenda, mphakati usankhe amayi awiri kapena atatu osinthana, chifukwa mmodzi yekha adzatopa. Masiku akhale odziwika, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndipo ulendo ukhale ndi kolowera: ku Misa ya m'mawa, kukaona wodwala wina, kapena kumsika kukagula tomato. Kakope kakang'ono kolembamo tsiku ndi mphindi kamalimbikitsa, ndipo angakaonetse adokotala. Sabata imene walephera musamudzudzule. Mufunseni chimene chavuta, chepetsani mtunda, muyambirenso. Nthawi ya dzinja, pamene njira zaterera ndipo tonse tili kumunda, ndi pamene maulendo otere amazilala, choncho mugwirizane msanga malo oyendamo kukagwa mvula, kaya ndi pakhonde la tchalitchi kapena m'holo ya parishi.