Zimene Ana Athu Amamva M'mahedifoni

Linali Lamlungu madzulo, magetsi alipo, ndipo mnyamata wathu wazaka 15 anali pabalaza, mahedifoni kumutu, maso ali pa TV. Tinazolowera kumumva akufuula, akuseka ndi kulangiza anzake osaoneka m'Chingerezi chake cha kusekondale. Tsiku limenelo anangoti zii. Kenako anavula mahedifoni aja, kuzimitsa gemu isanathe, n'kukakhala pakhonde.

"Watani kodi?" tinamufunsa.

"Palibe. Netiweki yavuta."

Netiweki inali bwinobwino. Zoona zake anadzatiuza patapita masiku awiri. Gemuyo inamuika mu timu ya anthu anayi osadziwana. Atangoyankhula, mmodzi anamufunsa kumene amachokera. Atatchula Africa, mnzakeyo anayamba kulira ngati nyani, ndipo wina anamutchula dzina lachipongwe limene ku America ankaitanira akapolo. Wachitatu sananene kanthu. "Chinandiwawa n'chakuti mu timu yonseyo ndinkasewera bwino ndine," anatero.

Kwa zaka zambiri nkhondo yathu ndi mwanayu inali ya maola: wasewera nthawi yaitali bwanji, homuweki walemba kapena ayi, bandulo yatha bwanji msanga chonchi. Sitinaganizepo zomufunsa kuti m'makutu mwake mukulowa zotani. Lero tikuona kuti funso limeneli ndi lalikulu kuposa la maola.

Magemu anasanduka ntchito

Ambiri a ife timadziwa magemu ngati zija ana amakasewera kumsika, m'kachipinda kokhala ndi TV ndi PlayStation, akalipira ndalama pang'ono. Koma kunjaku magemu ndi mpikisano weniweni, wokhala ndi matimu, makochi, oonerera odzaza mabwalo ndiponso ndalama zankhaninkhani. Pachingerezi amautcha esports.

Mu Julaye 2019, pa bwalo la Arthur Ashe ku New York, mnyamata wazaka 16 dzina lake Kyle Giersdorf anapambana madola 3 miliyoni pa mpikisano wa dziko lonse wa gemu ya Fortnite. Mu 2023, pa masewera a mayiko a ku Asia amene anachitikira ku Hangzhou m'dziko la China, opambana magemu analandira mamendulo ngati mmene amalandirira othamanga. Mu 2024 mzinda wa Riyadh ku Saudi Arabia unachititsa Esports World Cup, ndipo mphoto zake zonse pamodzi zinaposa madola 60 miliyoni.

Choncho mwana akanena kuti akufuna kudzakhala katswiri wa magemu, sakulota zinthu zimene kulibe. Tingomuthandiza kuwerengera bwino. Pa mpikisano wa Fortnite uja, anthu oposa 40 miliyoni ndi amene anayesa mwayi, koma m'ndime yomaliza ya osewera payekhapayekha munalowa anthu 100 okha. Sukulu isaime chifukwa cha mwayi wochepa chotere.

Kumene tsankho limalowera

Pa bwalo la mpira wachikulunga, wotukwana amadziwika kwawo, ndipo pofika madzulo nkhani imakhala ili kwa makolo ake. Pa intaneti munthu amabisala kuseri kwa dzina lopeka, ndipo amene wamutukwana lero sadzakumana nayenso. Khungu silioneka, koma mawu amaulula. Kayankhulidwe kokha n'kokwanira kuti ena adziwe kuti uyu ndi wa ku Africa, wa ku India kapena ndi mtsikana. N'chifukwa chake osewera ena amangotseka maikolofoni. Koma m'magemu a timu, wosayankhula sangachenjeze anzake kapena kupempha thandizo, ndiye amasewera ngati wamangidwa dzanja limodzi.

Vutoli si la ana osaleredwa bwino okha. Mu Seputembala 2017, Felix Kjellberg wa ku Sweden, wodziwika ndi dzina loti PewDiePie, amene pa nthawiyo anali ndi omutsatira ambiri pa YouTube kuposa wina aliyense, anatukwana mnzake ndi liwu lonyoza anthu akuda akusewera gemu ya PUBG, anthu akuonera pompopompo. Anapepesa patapita masiku ochepa, koma ana ambirimbiri anali atamva kale kuti munthu amene amamusirira amayankhula chotero akapsa mtima.

Mu 2021, pa Twitch, pamene osewera amaonetsa magemu awo pompopompo, anthu ena ankatumiza maakaunti abodza ambirimbiri nthawi imodzi kuti akadzaze mawu achidani pa masamba a osewera akuda ndi ena a magulu onyozedwa. Pa 1 Seputembala chaka chimenecho osewera ambiri ananyanyala kwa tsiku limodzi. Mwezi womwewo kampaniyo inasumira anthu awiri ku khoti, ndipo inapatsa eni masamba mphamvu yoletsa aliyense amene sanatsimikizire nambala yake ya foni kulembapo ndemanga. Mu 2023 kampani ya Activision inayamba kugwiritsa ntchito makina omvetsera zimene osewera Call of Duty akuyankhulana, n'cholinga chogwira otukwana. Izi n'zothandiza ndithu. Koma makina amagwira mawu atatuluka kale, mwana atamva kale.

Kavinidwe kotchuka, mwini wake osadziwika

Tsankho lina silitukwana. Limangoiwala dzina la mwini chinthu. Mu 2019, Jalaiah Harmon, mtsikana wakuda wazaka 14 wa kufupi ndi Atlanta, anapeka kavinidwe kotchedwa Renegade. Kanafala pa TikTok ngati moto wolusa, ndipo ena amene anakatengera anatchuka nako, iye osadziwika. Zinasintha mu Febuluwale 2020 nyuzipepala ya The New York Times italemba nkhani yake, ndipo mwezi womwewo anaitanidwa kukavina pa masewera a akatswiri a NBA ku Chicago.

Magemu nawo anakhudzidwa ndi mkangano wotere. Mu Disembala 2018, woimba 2 Milly ndiponso katswiri wa zisudzo Alfonso Ribeiro anasumira kampani ya Epic Games, eni Fortnite, ponena kuti ikugulitsa mavinidwe awo mu gemuyo ndi mayina ena popanda chilolezo. Milanduyo anaichotsa mu 2019 isanaweruzidwe. Koma pamene kampaniyo inaika Renegade mu Fortnite mu 2020, inatchula poyera dzina la Jalaiah.

Ndi ana angati amene amadziwa za Jerry Lawson? Anali injiniya wakuda wa ku New York amene anatsogolera gulu lopanga Fairchild Channel F mu 1976, makina oyamba a magemu a kunyumba otha kusinthidwa makatiriji okhala ndi magemu osiyanasiyana. Mwana amene wauzidwa kuti magemu si a anthu a khungu lake ayenera kumva dzina limeneli.

Sitikuletsa ana kuvina kapena kutsatira zimene zatchuka, malinga zikhale zaulemu. Timangofuna azolowere kufunsa kuti, "Anayambitsa ndani?" Mwana wozolowera funso limeneli amaphunzira kupereka ulemu kwa mwini ntchito, ndipo amazindikira kuti zambiri zimene dziko limasangalala nazo zinachokera kwa anthu ofanana naye.

Mlendo wa kalumo kakuthwa

Tingalakwe titanena kuti m'magemu muli zoipa zokhazokha. Kwa zaka zambiri akatswiri a gemu ya Tekken ankachokera ku South Korea ndi ku Japan, ndipo palibe ankaganizira za Pakistan. Mu Febuluwale 2019, Arslan Siddique, wodziwika kuti Arslan Ash, amene anaphunzira gemuyi m'tizipinda ta magemu mumzinda wa Lahore, anavutika kupeza chitupa cholowera ku Japan ndipo anafika ku Fukuoka mpikisano wa EVO Japan uli pafupi kuyamba. Anapambana. Mu Ogasiti chaka chomwecho anakapambananso EVO ya ku Las Vegas atagonjetsa katswiri wa ku Korea wotchedwa Knee. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pambuyo pake Knee yemweyo anapita ku Pakistan kukasewera ndi anyamata a kumeneko.

Ku Africa kuno kulinso akatswiri, monga Sylvia Gathoni wa ku Kenya, wodziwika kuti QueenArrow pa Tekken, ndi Thabo Moloi wa ku South Africa pa gemu ya mpira. Gemu payokha siyang'ana khungu. Imawerenga luso basi. Amene amabweretsamo tsankho ndi anthu, ndipo anthuwo amakhala ataliphunzira kwinakwake.

Galasi litatembenukira kwa ife

Apa m'pamene nkhaniyi inatiwawa kachiwiri. Titayamba kutchera khutu, tinamva mwana wathu yemweyo ndi anzake akusewera pabalaza. Atagonja kwa munthu wa dzina looneka ngati la ku China, onse anayamba kuyerekeza kayankhulidwe ka Chitchaina uku akuseka. Mnzawo wina wakuda kwambiri ankamutcha makala. Wina ankamuseka chifukwa cha mmene anthu a kwawo amatchulira mawu.

Tinafuna kukalipa, koma tinadzifunsa kuti anaziphunzira kuti. Si ife kodi amene pa ukwati timati mkwatibwi ndi wokongola chifukwa ndi woyera? Si ife amene timaseka nthabwala zonyoza mitundu ina ya m'dziko lathu lomwe, kapena kutchula anthu achialubino mayina opweteka? Mafuta oyeretsa khungu amagulidwa ndi akuluakulu, ngakhale kuti bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limachenjeza kuti ena mwa mafutawa amakhala ndi mekyule, amene amawononga impso ndi mitsempha. Mwana amene amaona zimenezi kunyumba, akamva chipongwe cha mlendo pa intaneti, mumtima mwake mumakhala muli kale malo oti chikhazikike.

Zimene tasintha pakhomo pathu

Choyamba tinafunsa mwanayo chifukwa chake anatibisira. Yankho lake linali lalifupi: "Mukanandilanda gemu." Ananena zoona. Tinamulonjeza kuti akatiuza zimene zamuchitikira, chilango sichidzagwera iye. Mwana woopa kulandidwa foni amavutika yekha mwakachetechete.

Chachiwiri, tinamupempha kuti atiphunzitse gemu yake. Magemu ambiri a pa intaneti ali ndi njira yotsekera mawu a munthu mmodzi, yomuletsa kuti asakupezenso, ndi yomunenera kwa eni gemu. Tinagwirizana kuti wotukwana sabwezeredwa. Amatsekedwa, n'kunenedwa. Tinamulimbikitsanso kupanga timu ndi anzake a kusukulu ndi asuweni ake m'malo modalira alendo.

Chachitatu, magemu amaseweredwa pabalaza, ndipo nthawi zina mawu amatulukira pa sipika kuti tonse timve. Lamulo ndi limodzi kwa onse, ife makolo tomwe: m'nyumba muno munthu sanyozedwa chifukwa cha khungu, mtundu kapena kayankhulidwe.

Chachinayi, tinakambirana za mnyamata wachitatu uja amene anangokhala chete. Mwana wathu anavomera kuti chete wakeyo anamupweteka pafupifupi mofanana ndi chipongwe chija. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mawu ochepa oti "Zimenezo ayi, tiyeni tisewere" amauza wonyozedwayo kuti sali yekha.

Za maola sitinazitaye. Madokotala amalangiza kuti achinyamata azaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Nthawi ya ku New York imatsalira ndi maola 6 kapena 7 poyerekeza ndi yathu, choncho mpikisano wa madzulo kumeneko kuno umapezeka pakati pa usiku. Umenewo amaonera mawa lake, ndipo foni sigona kuchipinda. Mu 2019 bungwe la WHO linavomereza kuti kukodwa ndi magemu ndi vuto la umoyo. Zizindikiro zake ndi zitatu: kulephera kudziletsa, kuika magemu patsogolo pa zinthu zina zonse, ndi kupitiriza ngakhale mavuto akuonekeratu, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Bungweli limanenanso kuti vutoli limagwira ochepa mwa osewera. Mwana wokonda magemu koma amadya, amagona, amakhoza m'kalasi ndi kucheza ndi abale ake sakudwala. Zizindikiro zitatuzo zikaoneka, ndi bwino kuonana ndi achipatala.

Mnyamata wathu akusewerabe. Sitinganene kuti chipongwe chinatha, chifukwa sabata yatha yomweyi anatseka mawu a munthu wina. Kusiyana kwake n'kwakuti anatiuza tsiku lomwelo, tili pa chakudya chamadzulo, ndipo mng'ono wake anamvetsera. Masiku ano akazimitsa TV sitithamangira kuyang'ana wotchi. Timayamba tamufunsa kuti, "Lero wasewera ndi ndani, nanga amayankhula zotani?"