Tinaona, Koma Tinangoti Zii

Abale, sabata yatha mnzathu wina pocokera ku munda anamlanda ndalama zosonkhera maliro pamene anatsika basi ku Bordesley Green. Anthu athu atatu anaona, koma palibe anakanena. Akuti mantha. Ife cinthu cimeneci catiwawa.

Mbala ikali pomwepo, kapena munthu akabvulala, imbani lamya 999. Mukalephera kulankhula pa lamya ya m'manja, dinani 55 akakuuzani kutero. Zikakhala zacitika kale, imbani 101, mudzalankhula ndi a West Midlands Police. Cingerezi cikabvuta, pemphani womasulira. Woopa kuchulidwa aimbe 0800 555 111 kwa a Crimestoppers, iwo safunsa dzina.

Mlembi wathu adzaperekeza mnzathuyo ku polisi Loweruka. Atatu aja tiwadikira.