Kusankha Woyima Naye pa Chisankho cha Pulezidenti

Munthu wofuna upulezidenti amalankhula pa misonkhano yambirimbiri, nalonjeza misewu, sukulu ndi zipatala, ndipo zambiri mwa zolankhulazo zimaiwalika chisankho chikangotha. Koma chilipo chinthu chimodzi chimene dziko limakhala nacho zaka zonse za ulamuliro wake. Chimenechi ndi dzina la munthu amene iye wamutchula kuti ayime naye, amene adzakhale Wachiwiri kwa Pulezidenti ngati anthu awavomereza. Nkhani ya lero ikufotokoza m'mene ntchito imeneyi yayendera m'dziko la America, kumene mwambowu udazika mizu kalekale.

Pachiyambi ku America kudalibe zosankha woyima naye. Amene wapeza mavoti ochuluka ankakhala Pulezidenti, ndipo womutsatira pa mavoti ankakhala Wachiwiri. Motero m'chaka cha 1796 John Adams adapambana, ndipo Thomas Jefferson, wa chipani chotsutsana naye, ndiye adakhala wachiwiri wake. Atambala awiri salira m'khola limodzi. M'chaka cha 1804 malamulo adasinthidwa kuti mipando iwiriyi izivoteredwa payokhapayokha, ndipo pang'onopang'ono zipani zidazolowera kuyimika anthu awiri ogwirizana.

M'malamulo a dzikolo ntchito za Wachiwiri n'zochepa. Iye amatsogolera nyumba ya malamulo yotchedwa Senate, ndipo amaponya voti pokhapokha mbali ziwiri zikafanana mphamvu. Ntchito yake yeniyeni ndi kukhala chire. Apulezidenti 8 a dzikolo adamwalira ali pa mpando, anayi mwa iwo atawomberedwa ndi mfuti, ndipo mmodzi, Richard Nixon, adatula pansi udindo m'chaka cha 1974. Nthawi zonsezi Wachiwiri ndiye adatenga dziko.

Ngakhale zili choncho, funso limene limalamulira pa nthawi ya kampeni ndi la mavoti: munthu ameneyu abweretsa anthu ati amene ife tilibe? M'chaka cha 1960 John Kennedy adali wachinyamata, Mkatolika, wochokera ku Massachusetts chakumpoto. Adatenga Lyndon Johnson wa ku Texas chakumwera, mkhalakale wa mu Senate, ngakhale awiriwa adali atangolimbirana mpando womwewo m'chipani chawo. Texas adaipeza, koma mwa apo ndi apo. Pa 22 Novembala 1963 Kennedy adawomberedwa mumzinda wa Dallas, ndipo Johnson ndiye adasaina lamulo la 1964 lothetsa tsankho pakati pa azungu ndi anthu akuda m'malo a anthu onse. Abraham Lincoln sadachite mwayi wotere. M'chaka cha 1864, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, adayima ndi Andrew Johnson wa chipani china pofuna kuonetsa umodzi. Lincoln ataphedwa m'chaka cha 1865, munthuyu adakangana kwambiri ndi aphungu pa za ufulu wa akapolo omasulidwa, ndipo m'chaka cha 1868 adapulumuka kuchotsedwa pa mpando ndi voti imodzi yokha.

Koma nkhani imene ikuonetsa bwino kulemera kwa ntchitoyi ndi ya m'chaka cha 1944. Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse idali isadathe, ndipo Franklin Roosevelt ankafuna kuyimanso kachinayi. Madokotala adali atamupeza ndi nthenda ya mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Anthu wamba sadauzidwe, koma akuluakulu a chipani cha Democratic amene ankamuona maso ndi maso adazindikira kuti mwina zaka zinayi sazimaliza. Adadziwa kuti posankha Wachiwiri akusankha Pulezidenti.

Wachiwiri wa nthawi imeneyo adali Henry Wallace wa ku Iowa, katswiri wa zaulimi. Alimi angakonde kudziwa kuti iyeyu ndi mmodzi mwa anthu amene adafalitsa mbewu ya chimanga cha haibulidi ku America. Antchito ndi anthu wamba a m'chipani ankamukonda, koma akuluakulu aja ankamuona ngati wokondera dziko la Soviet Union, ndipo azungu a kumwera ankadana naye chifukwa chodzudzula tsankho poyera. Wina amene ankaufuna mpandowu adali James Byrnes wa ku South Carolina, munthu wodziwa ntchito za boma kuposa onse. Iyeyo adakanidwa ndi mabungwe a antchito, ndipo padali mantha akuti anthu akuda a m'mizinda ya kumpoto sangamuvotere. Wallace akadataya kumwera, Byrnes akadataya kumpoto. Maso adagwera pa Harry Truman wa ku Missouri, chigawo cha pakati.

Truman sadali munthu wotchuka kwenikweni. Adakhalapo mlimi, adatsegulapo sitolo ya zovala ku Kansas City imene idagwa, ndipo adalibe digiri ya ku yunivesite. Chimene chidamudziwitsa ndi komiti ya mu Senate imene ankaitsogolera, yofufuza kusakaza kwa ndalama za nkhondo. Iye mwini poyamba ankakana, pakuti adali atalonjeza kale kuthandiza Byrnes. Pa msonkhano waukulu wa chipani mumzinda wa Chicago, mwezi wa Julayi, Wallace ndiye adatsogola pa kuvota koyamba. Pa kuvota kwachiwiri nthumwi zidatembenukira kwa Truman.

Adalumbira pa 20 Januwale 1945. Pa 12 Epulo Roosevelt adamwalira ku Warm Springs, m'chigawo cha Georgia, Truman atakhala Wachiwiri masiku 82 okha. M'masiku amenewo Roosevelt sadamulowetse m'zinsinsi za nkhondo, kotero kuti za bomba la atomiki adazimva bwinobwino atakhala kale Pulezidenti. Pasadathe miyezi inayi, pa 6 ndi pa 9 Ogasiti, mabomba awiri adaponyedwa pa Hiroshima ndi Nagasaki m'dziko la Japan ndi chilolezo chake. Kunena zoona, akuluakulu a ku Chicago aja ankangofuna munthu wosakhumudwitsa mbali iliyonse. Kuti munthuyo adapezeka wolimba mtima pa ntchito, chidali mwayi chabe, ndipo kumusiya mumdima miyezi itatu chidali chibwana chachikulu kwa mtsogoleri wodwala.

Masiku ano wopikisana pa upulezidenti amasankha yekha woyima naye, msonkhano wa chipani n'kungovomereza. Ufulu umenewu udamupweteka George McGovern m'chaka cha 1972. Anthu angapo amene adawapempha adakana, nthawi idamuthera, ndipo adatchula Thomas Eagleton atangolankhula naye pang'ono pa telefoni. Patapita masiku owerengeka kudamveka kuti Eagleton adagonekedwapo m'chipatala katatu chifukwa cha nthenda ya maganizo. Kudwala si mlandu, ndipo Eagleton adatumikirabe mu Senate zaka zambiri pambuyo pake. Cholakwa chidali cha McGovern, pakuti safunsa adadya phula: poyamba adalengeza kuti ali naye nganganga, kenaka patatha masiku 18 adamusiya n'kutenga Sargent Shriver. Anthu adaona mtsogoleri wosakhazikika, ndipo Nixon adapambana m'zigawo 49 mwa zigawo 50. Kuyambira pamenepo woganiziridwa kawirikawiri amafufuzidwa za chuma chake, thanzi lake ndi zimene adalankhulapo. Jimmy Carter m'chaka cha 1976 adaitanira ena mwa iwo kumudzi kwawo ku Plains kukacheza nawo mmodzimmodzi. Adasankha Walter Mondale, nampatsa ofesi mu White House momwemo, ndipo ankadya naye nkhomaliro mlungu uliwonse kuti asabisirane kanthu.

Kuno ku Malawi malamulo a 1994 adabweretsa dongosolo lofanana nalo. Wofuna upulezidenti amatchula woyima naye popereka zikalata zake ku bungwe loyendetsa chisankho, ndipo voti imodzi imasankha onse awiri. Chifukwa chakuti Wachiwiriyo wasankhidwa ndi anthu, Pulezidenti sangamuchotse monga amachotsera nduna. M'chaka cha 2009 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adayima ndi Mayi Joyce Banda, napambana ndi mavoti ochuluka. Ubale wawo sudakhalitse. Mwezi wa Disembala 2010 chipani cha DPP chidawachotsa mayiwa, ndipo iwo adayambitsa chipani chawo cha People's Party, koma mpando wa Wachiwiri adakhala nawobe. Pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Mutharika adamwalira mwadzidzidzi. Kwa masiku awiri dziko lidali chete modikira, nduna zina zikufunafuna njira yowalambalala mayiwa. Pa 7 Epulo Mayi Banda adalumbiritsidwa ku Nyumba ya Malamulo mumzinda wa Lilongwe, nakhala Pulezidenti woyamba wamkazi wa dziko lino.