Miyeso Iwiri ya Mbiri ya Dokotala

Ku maiko a ku Ulaya ndi ku America, kumene sukulu za ukachenjede zinakhazikika kalekale, dokotala wofufuza za matenda akafuna kukwezedwa pa mpando wa upulofesa, kapena akapempha chuma choyendetsera kafukufuku wake, akuluakulu amene aweruza mlandu wakewo sayamba ndi kufunsa za odwala amene anawadzutsa pamphasa, koma atsegula kaundula ndi kuwerenga zinthu ziwiri: chiwerengero cha nkhani zimene iye anasindikiza m'magazini a akatswiri, ndi chiwerengero cha nthawi zimene ofufuza anzake anatchula nkhanizo polemba zawo. Mwambo umenewu unakula ndi Eugene Garfield, amene m'chaka cha 1964 anatulutsa Science Citation Index, kaundula wosonyeza kuti ndani watchula yani. Ndipo m'chaka cha 2005 Jorge Hirsch, mphunzitsi wa sayansi ku California, anaunjika zonsezo m'nambala imodzi yotchedwa h-index, kotero kuti munthu wa nambala 20 ndiye amene ali ndi nkhani 20 zotchulidwa kosachepera ka 20 iliyonse. Lero aliyense wokhala ndi foni ya intaneti akhoza kulemba dzina la dokotala pa Google Scholar, naona msinkhu wake wonse m'kuphethira kwa diso.

Tisafulumire kunyoza mwambowu monga chinthu chachilendo, pakuti muzu wake ndi womwewo umene makolo athu anausunga pabwalo la milandu, pamene munthu wofotokoza za malire a munda sankaloledwa kungoti ndidziwa, koma ankayenera kutchula wamkulu amene anamuuza, ndi amene anauza wamkuluyo, kuti mawu ake akhale ndi tsinde. Kutchula amene anakutsogolera ndiko kulemekeza, ndiponso ndiko kupatsa womvera njira yokatsimikizira yekha. Pamenepa ife ndi iwo tili amodzi. Tisiyana pa kawerengedwe ka ulemuwo, ndi pa funso lakuti aulandire ndani.

Anthu ambiri odutsa pa Uliwa, pamene msewu wa ku Chilumba upatukira kuchoka mu M1, sadziwa kuti midzi yozungulira malowa ili ndi dzina lalikulu m'kaundula wa ophunzira a dziko lonse lapansi. M'chaka cha 1979 bungwe la LEPRA linayamba kufufuza za khate m'boma la Karonga, motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus pamodzi ndi Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, ndipo likulu la ntchitoyo linakhala pa Chilumba. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 a m'bomali analowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya The Lancet m'chaka cha 1996, zosonyeza kuti katemera wa BCG woperekedwa kachiwiri ateteza ku khate pafupifupi theka, koma sateteza ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Ndipo chokondweretsa mtima n'chakuti pamalo pa dzina la mlembi panalembedwa gulu lotchedwa ndi dzina la Karonga. Kuyambira 2002 anthu oposa 30,000 a kuno akhala akulembedwa m'kaundula wa obadwa, omwalira ndi osamuka, mothandizidwa ndi anthu a m'midzi momwemo amene apereka uthenga. Ndipo kuchokera m'kaundula ameneyo, m'chaka cha 2008, dziko linamva kuti ma ARV aulere atangofika m'bomali mu 2005, imfa za akuluakulu okhala kufupi ndi msewu waukulu zinatsika ndi 35 pa 100 alionse. Ntchitoyo ipitirirabe pansi pa dzina la MEIRU. Zimenezi n'zoyenera kunyadira ndithu.

Komatu mbiri yonseyi ili pa matenda oyenda pang'onopang'ono, amene apatsa wofufuza zaka zoti awayang'anire. Lilipo gawo lina la udokotala limene silidikira munthu, lija la ola loyamba: mwana wokomoka ndi malungo pakati pa usiku, mayi wotaya magazi atangochira, msodzi womuvuula m'nyanja atamwa madzi, mlimi wolumidwa ndi njoka m'munda wa chinangwa, mnyamata wa kabaza wogundana ndi galimoto, kapena okwera basi yogubuduzika pa mapiri a Chiweta. Kwa otere chipatala cha boma ku Karonga chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70, cha Mzuzu chili kutali koposa apo, kuseri kwa zitunda; chifukwa chake moyo wawo utsamira pa clinical officer, namwino kapena mzamba amene ali pantchito usiku umenewo. Ndipo mukafunsa amayi pamsika kuti dokotala weniweni ndani, sadzakutchulirani nambala. Adzati uje ali ndi dzanja labwino, apeza mtsempha wa khanda ngakhale ndi kuwala kwa tochi, sakalipira mlezi wofika mochedwa, akagogodedwa adzuka. Mbiri yotere iyenda pakamwa, pamaliro, pachitsime ndi pakhomo la tchalitchi, ndipo nthawi zina mphotho yake ndiyo mwana wotchedwa dzina la amene anamupulumutsa. Ine ndiyesa muyeso umenewu wolungama m'njira imene wa Hirsch sungathe kufikapo, popeza mboni zake zinaona ndi maso.

Kuti miyeso iwiriyi ikhoza kukumana, dziko lathu lomwe lapereka umboni. Madokotala awiri a ku Glasgow, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anasindikiza m'chaka cha 1974 njira yoyezera kuzama kwa chikomokere, imene inafalikira pa dziko lonse. Koma njirayo ifuna kuti wodwala ayankhe mafunso ndi kumvera zimene auzidwa, zinthu zimene mwana wosadziwa kulankhula sangachite ngakhale ali bwino. Tsono pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo, poyang'anira ana odwala malungo a m'bongo, anakonza muyeso wina umene unasindikizidwa mu 1989, wongoona zinthu zitatu: ngati maso a mwana atsata nkhope ya mayi wake, ngati dzanja lake lipita pamene pamupweteka, ndi maliridwe ake, ndipo muyesowo, woyambira pa 0 kufika pa 5, udziwika kulikonse kumene kuli malungo ndi dzina la Blantyre. Pachipatala chomwecho Elizabeth Molyneux ndi antchito anzake, poona kuti ana ambiri ankafera pamzere kapena pa tsiku loyamba logonekedwa, anasintha kalandiridwe ka odwala m'chaka cha 2001: mwana aliyense aonedwe pakhomo pomwe, ndipo wobanika, wokomoka, wogwidwa ndi linjirinjiri kapena wouma thupi kwambiri alowe nthawi yomweyo, angakhale anafika pambuyo pa onse. Lipoti lawo la mu 2006, m'magazini ya World Health Organization, linaonetsa kuti imfa za ana ogonekedwa, zimene zinali pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse, zinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, iphunzitsidwa tsopano m'maiko ambiri. Akadapanda kuzilemba, nzeruzo zikadatsala m'chipinda chimodzi cha ku Blantyre, ndipo namwino wa ku Karonga sakadazimva.

Apa ndipo pali kufooka kwa mwambo wathu, ndipo tiyenera kukunena poyera. Nzeru ya pakamwa isamuka ndi mwini wake akapatsidwa transifa, ndipo ilowa naye m'manda. Choposa apo, ilibe njira yodzidzudzulira, pakuti ochira abwera kudzathokoza, pamene omwalira sabwera kudzatsutsa. Ngakhale madokotala ophunzira kwambiri anyengedwapo motero. Kwa zaka zambiri zinkaphunzitsidwa kuti mwana wotentha thupi kwambiri, amene magazi ake sakuyenda bwino, apatsidwe msanga madzi ochuluka a diripi, ndipo oonerera ankaona ngati mwanayo watsitsimuka. Koma kafukufuku wa FEAST, wotsogozedwa ndi Kathryn Maitland pa ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, atasindikizidwa mu 2011, anasonyeza kuti mwa olandira madzi othamangitsawo oposa 10 pa 100 anamwalira m'masiku awiri, pomwe mwa osalandira anamwalira 7. Kafukufukuyo sanakhudze ana otsekula m'mimba, amene madzi ndiwo moyo wawo. Palibe diso la munthu mmodzi, ngakhale lakuthwa chotani, limene likadazindikira kusiyana kumeneku. Kunafunika kulemba, kuwerenga, ndi kulola ena atsutse. Safunsa anadya phula.

Koma nawonso muyeso wa kutsidya kwa nyanja uli ndi chilema chake chachikulu, ndicho chakuti uwerenga olemba okha. Namwino amene agwiritsa ntchito ETAT tsiku ndi tsiku, napulumutsa nayo ana, sawonjezera kanthu pa nambala ya amene anaikonza, popeza iye salemba m'magazini. Pamene nkhani ya matenda otchuka ku maiko olemera, kumene olemba ali ambirimbiri, itchulidwa kambirimbiri ngakhale isanachiritse munthu. Motero wofufuza wachinyamata wofuna kukwera ayesedwa kutsata kumene kuli otchula, osati kumene kuli odwala. Magazini ambiri otchuka alipiritsa wolemba kapena wowerenga ndalama zimene wantchito wa chipatala cha kumudzi sangazipeze. Alembedwa m'Chingerezi, pamene agogo a pa Uliwa amene anapereka mkono wawo ku jakisoni alankhula Chitumbuka. Ndipo kawirikawiri mu Africa muno amene anayenda panjinga khomo ndi khomo, natenga magazi, namasulira mawu a odwala, angothokozedwa m'ndime yaing'ono kumapeto. Eni mwambowo anaziona okha, kotero kuti m'chaka cha 2012 ku San Francisco akatswiri anapangana chikalata chotchedwa DORA, chodandaulira sukulu kuti zileke kuyeza munthu ndi kutchuka kwa magazini imene walembamo.

Zinthu zikusintha, ndipo tiyamike. Sukulu ya udokotala ya ku Blantyre, yotsegulidwa mu 1991, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, yabala ofufuza athuathu. Chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegula chipinda cha ngozi ndi matenda adzidzidzi cha akuluakulu mu 2011. Ndipo Malawi Medical Journal iwerengedwa kwaulere pa intaneti. Chimene mtima wanga ulakalaka n'chakuti luso la kalembera limene midzi ya kuno yalizolowera kwa zaka zoposa 40 litembenukire ku ola loyamba lija. Mutu umodzi susenza denga: wofufuza adziwa kuwerengera, koma clinical officer ndiye adziwa amene anafika, ndi amene anatsirizika panjira. Pakhomo pa chipatala chilichonse cha m'mphepete mwa M1 pakhale buku lolembamo nthawi imene wodwala anayamba kudwala, nthawi imene ananyamuka kunyumba, chimene anakwera, ndalama imene analipira, nthawi imene ambulansi inaitanidwa ndi imene inafika, ndi mmene zinathera. Pakutha pa chaka zolembedwazo zisanthulidwe ndi kusindikizidwa, dzina la amene anazisunga likhale patsogolo pa mayina onse, ndipo zisanatumizidwe ku Blantyre kapena ku London, ziyambe zawerengedwa m'Chitumbuka pamaso pa mafumu, alangizi a zaumoyo ndi anyamata a kabaza a pa Uliwa.