Zimene mapiri a Kasakula angaphunzire ku midzi ya ku China pokopa alendo

Anthu ambiri a m'tauni akamakonza ulendo wokapitidwa mphepo, maganizo awo amathamangira ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena kuphiri la Mulanje. Ndi ochepa amene amatchula Ntchisi kapena Dowa, ngakhale kuti maboma awiriwa ali pakhomo penipeni pa mzinda wa Lilongwe. Komatu m'mapiri a kumeneku, kuphatikizapo dera la Mfumu Yaikulu Kasakula, muli zinthu zimene maiko ena, makamaka China, adazisandutsa chuma cha anthu akumudzi. Nkhaniyi ndi yofunika msanga chifukwa nkhalango imene ingakope alendowo ndi yomweyo imene ikugwa ndi nkhwangwa chaka ndi chaka.

Zimene mlendo angakaone

Munthu wochoka ku Lilongwe amatsata msewu wa M1 mpaka pa Mponela, n'kukhotera kumanja kulowera paboma la Ntchisi. Kuchoka pabomapo amayenda msewu wafumbi wokwera ndi kutsika zitunda mpaka kufika m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa ya Ntchisi. Phiri la Ntchisi ndi lotalika mamita oposa 1,600, ndipo pamwamba pake pali nkhalango yowirira imene mitengo yake siyoyola masamba ngakhale m'chilimwe. Nkhalango za mtunduwu zatsala zochepa kwambiri m'chigawo chapakati. M'munsi mwake muli tchire la mitengo ya mombo, tsamba ndi misuku, momwe m'dzinja mumamera bowa wamitundumitundu. Muli anchima, anyani, agwape, nguluwe ndi mbalame zimene anthu okonda kuziona amachokera nazo kutali. Kunja kukayera, munthu amaiona nyanja ya Malawi ili mbee kummawa.

Phirili lili ndi mbiri yake. Akuluakulu amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800 Achewa a m'derali ankathawira m'nkhalangomu pobisala nkhondo za Angoni. M'mphepete mwake muli nyumba yomangidwa mu 1914 imene inali ya bwanamkubwa wachitsamunda, ndipo lero ndi malo ogona alendo a Ntchisi Forest Lodge. Kumpoto chakummawa kuli nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, ya makilomita pafupifupi 1,800 m'bwalo lake, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015 ndipo lidasamutsirako njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017.

Ku Dowa nako kuli zoona. Ku Mvera ndi kumene amishoni a Dutch Reformed Church, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba mu 1889, ndipo ndiwo muzu wa sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP. Ku Kongwe kuli mishoni ina yakale komanso sukulu ya sekondale ya Robert Blake. Ku Dzaleka, komwe kunali ndende ya andale m'nthawi ya chipani chimodzi, kudatsekulidwa msasa wa anthu othawa kwawo mu 1994. Kuyambira 2014 kumsasaku kwakhala kukuchitika chikondwerero cha Tumaini, chimene adachiyambitsa mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume. Ena mwa alendo a chikondwererochi amagona m'nyumba za mabanja a mumsasamo n'kulipira mabanjawo, umboni wakuti kugoneka mlendo pakhomo pa munthu wamba n'kotheka kuno kwathu.

Mmene zidayambira ku China

Ku China ulendo wa kumudzi uli ndi dzina lake, nongjiale, kutanthauza chisangalalo cha pakhomo pa mlimi. Chiyambi chake amachiloza kumidzi yozungulira mzinda wa Chengdu m'chigawo cha Sichuan, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pomwe alimi a maluwa ndi mbande adayamba kuphikira anthu obwera kudzagula mbewu zawo. Alimiwo adaona kuti anthu a mumzinda akukonda kukhala pabwalo, kumwa tiyi ndi kudya ndiwo zothyoledwa m'dimba tsiku lomwelo, ndipo ali okonzeka kulipira. Pang'onopang'ono adawonjezera zipinda zogona. Mlendo amadya chakudya cha pakhomopo, amagona pomwepo, ndipo akafuna amathandiza kuthyola zipatso kapena kukolola.

Chidakulitsa malondawa ndi nthawi yopuma ya anthu a m'mizinda. Mu 1995 dziko la China lidayamba sabata ya masiku asanu ogwira ntchito, ndipo mu 1999 lidakhazikitsa tchuthi cha sabata yathunthu chimene chimakhudza dziko lonse. Anthu apantchito adapeza Loweruka ndi Lamlungu lopanda chochita, kandalama m'thumba, ndi misewu yabwino yowafikitsa kumudzi m'maola ochepa. Mfundo yaikulu ili pamenepa: odzaza midzi ya ku China ndi Atchaina anzawo ochokera m'mizinda yapafupi. Alendo akunja ndi ongowonjezera.

Mudzi wa Yucun, m'boma la Anji m'chigawo cha Zhejiang, ndi umene ungafanane kwambiri ndi nkhani ya Ntchisi. M'zaka za m'ma 1990 anthu ake ankadalira migodi ya miyala ndi fakitale ya simenti. Ndalama zinkapezeka, koma phiri lidagumuka, mtsinje udada ndipo fumbi lidakuta nyumba. Pofika 2005 mudziwu udatseka migodiyo n'kutembenukira ku nsungwi, ulimi ndi kulandira alendo. Mu 2021 nthambi ya bungwe la United Nations yoona zokopa alendo idautchula kuti ndi umodzi mwa midzi yabwino koposa yokopa alendo padziko lapansi.

Ku Longji, m'chigawo cha Guangxi, alendo amapita kukaona minda ya mpunga yosemedwa ngati masitepe m'mbali mwa mapiri. Kumeneko gawo la ndalama zimene alendo amalipira pachipata limagawidwa kwa mabanja a m'midzi ngati Dazhai, ndipo kulima ndi kusamala mindayo ndi kumene kumabweretsa gawolo. Mlimi amadziwa kuti akausiya munda kuti ugumuke, mlendo sadzabweranso ndipo ndalama ya pachipata idzauma.

Kumene zidavuta

Walira mvula walira matope. Midzi iwiri yakale ya Xidi ndi Hongcun, m'chigawo cha Anhui, idalowa pamndandanda wa malo osungidwa wa bungwe la UNESCO mu 2000. Ku Xidi ntchito yolandira alendo idayamba m'manja mwa mudzi weniweniwo. Ku Hongcun idaperekedwa kwa kampani ya ku Beijing chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo padabuka mkangano wautali chifukwa eni mudzi ankaona kuti gawo lawo la ndalama za pachipata ndi lochepa. M'midzi ina yotchuka nyumba zambiri zidasanduka masitolo ogulitsa zinthu zofanana, eni ake adasamuka, ndipo mlendo amapeza mudzi wopanda anthu akumudzi. Zimenezi zikusonyeza kuti kuchuluka kwa alendo pakokha sikulemeretsa mudzi. Chimene chimalemeretsa ndi mgwirizano womveka bwino wonena kuti ndalama ikalowa, ndani alandira chiyani.

Chifukwa chake nkhalango ikutha

Munthu wa kwa Kasakula, kwa Nthondo kapena kwa Vuso Jere amene amadula mtengo m'nkhalango ali ndi chifukwa chake. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Ntchisi lili ndi anthu oposa 317,000, ndipo ambiri mwa iwo amadalira chimanga, soya, mtedza, fodya ndi mbatatesi, mbewu zimene zimabweretsa ndalama kamodzi pachaka. Fodya amafuna mitengo ya zigafa. Mzinda wa Lilongwe, umene m'kalembera yemweyo unali ndi anthu pafupifupi 990,000, umaphikira makala tsiku ndi tsiku. Nyengo ya matondo ikafika, ena amagwetsa mtengo wathunthu kuti atole tizilomboto mosavuta, m'malo moyembekezera kapena kukwera.

Lamulo la zankhalango la 1997, limene lidakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, limalola kuti boma ndi anthu ozungulira nkhalango aziisamala mogwirizana kudzera m'makomiti a m'midzi oona zachilengedwe. Koma komiti imene ilibe chopatsa anthu ake imavutika kuwauza kuti asiye nkhwangwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: thumba la makala limagulitsidwa lero, pomwe phindu la mtengo woimirira silioneka m'thumba la munthu. Ulendo wa kumudzi ndi njira imodzi yochititsa kuti mtengo woimirira uzilipira. Mtengo wodulidwa umagulitsidwa kamodzi kokha, pomwe mnyamata wolondolera alendo angadutse nawo pansi pa mtengo womwewo sabata iliyonse n'kumalandira kanthu.

Kutha kwa nkhalangoyi kungapweteke anthu ambiri kuposa a m'mphepete mwake. Phirili limasunga madzi a mitsinje imene imatsikira kuchigwa cha kunyanja, ndipo mthunzi ndi chinyezi chake ndi zimene zimathandiza alimi a khofi a m'zitunda zapafupi.

Zofunika kuti mlendo afike ndi kugona

Choyamba ndi msewu. Misewu yafumbi ya m'mapiriwa imaterera m'dzinja, ndipo nyengo imeneyi ndiyo yokongola kwambiri, ya bowa ndi maluwa a m'tchire. Munthu wa galimoto yaing'ono wa ku Area 25 kapena ku Kawale sangadziike pachiswe chokagona m'matope. Khonsolo ya boma ikamasankha misewu yoti ipalidwe ndi milatho yoti ikonzedwe, njira zopita kuphiri ziyenera kuwerengedwa ngati njira zopita kumsika.

Chachiwiri ndi ukhondo. Mlendo wa m'tauni safuna nyumba yapamwamba. Amafuna chimbudzi chaukhondo chokhala ndi chitseko, madzi akumwa otetezeka, bafa labwino, neti yoteteza udzudzu ndi bulangete lokwanira, poti m'mapiriwa mu June ndi July kumazizira kwambiri. Zimenezi banja kapena gulu la banki m'khonde lingazikwanitse popanda kudikira wamalonda wamkulu.

Chachitatu ndi chakudya, chimene chilipo kale: nsima ya mgaiwa, nkhuku yachikuda, nkhwani wotendera, nyemba, bowa, chigumu, thobwa ndi uchi. M'malesitilanti a mu Lilongwe mbale ya nkhuku yachikuda imadula kuposa ya nkhuku yoyera. Chimene mayi wa kumudzi amachiyesa chakudya wamba, munthu wa m'tauni amachilakalaka.

Chachinayi ndi kudziwika. Munthu sapita kumalo kumene sadziwa mtengo wake, njira yake ndi womulandira. Tsamba la Facebook, nambala ya WhatsApp ya komiti ya mudzi ndi kulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba zingathetse vutoli pamtengo wochepa. Sukulu, makwaya, magulu a achinyamata a m'mipingo ndi anthu okonda kukwera mapiri ndiwo msika woyamba.

Chachisanu, chimene chimamanga zonsezi, ndi kagawidwe ka ndalama. Mfumu, komiti ya zachilengedwe, dipatimenti ya zankhalango ndi mwini malo ogona ayenera kulemba poyera gawo la wolondolera alendo, la banja lophika ndi la thumba la mudzi. Thumbalo likakonza mjigo kapena kufolera chipinda cha sukulu, aliyense amaona ndi maso ake chimene nkhalango yabereka.

Ulemu wa mwambo

Dowa ndi Ntchisi ndi kuchimake kwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Alendo ambiri angafune kumuona. Koma guleyu ali ndi nthawi yake: pamaliro, pachinamwali, pokumbukira akufa ndi polonga ufumu. Kudambwe sikufika munthu wosameta, ndipo kujambula kuli ndi malire ake. Eni mzinda ndi mafumu ndiwo anganene chimene mlendo angaone ndi chimene sangaone. Mudzi ukalola kuti gule azituluka nthawi iliyonse galimoto ya alendo ikaima, udzakhala utagulitsa chinthu chimene sungachiwombolenso, monga zidachitikira m'midzi ina ya ku China.

Malawi sangatengere zonse za ku China. Dzikolo lili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni, sitima zothamanga ndi boma lokhala ndi ndalama zomangira misewu mpaka m'midzi ya m'mapiri. Kuno mafuta a galimoto ndi odula ndipo mabanja ambiri a m'tauni malipiro awo amathera pa lendi ndi chakudya. Komabe masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu January 2021, amawerengera ntchito zokopa alendo ngati imodzi mwa njira zotukulira dziko, ndipo ku Chengdu nako zidayamba ndi mabanja ochepa ndi matebulo a pabwalo.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chotsala akachoka ndi ndalama imene wasiya m'manja mwa wophika, wolondolera njira ndi wa kabaza. Ndalama imeneyo ikamafika mwezi ndi mwezi kwa anthu a kwa Kasakula ndi anansi awo, adzakhala ndi chifukwa chawochawo choletsera mnzawo kulowa m'nkhalango ndi nkhwangwa. Ikapanda kufika, makala apitirira kutsika phiri kupita ku Lilongwe, mumzinda womwewo mmene muli anthu amene akadakwera phirilo ngati alendo.