Musanagule nsomba, yambani mwaweta mabakiteriya

Munthu amene anasiya kuweta nsomba zokongoletsa m'nyumba akafuna kuyambiranso, amaganiza kuti ntchito ndi kupukuta fumbi pa thanki yake yagalasi, kuthiramo madzi ndi kukagula maguppy. Ife amene ntchito yathu ndi kusamala zamoyo za m'madzi timaona mosiyana. Thanki yomwe yakhala youma kwa miyezi kapena zaka ndi yatsopano, ngakhale galasi litakhala lomwe lija. Chomwe chinkasunga moyo wa nsomba zanu chinafa pamene siponji ya mu fyuluta inauma, ndipo kuti chibwerere pamafunika masabata 4 mpaka 6, nthawi zina kuposa apo.

Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zomwe imapumira, ndipo ndowe zake ndi chakudya chotsala zikamaola zimawonjezera amoniya wina. M'nyanja madzi ndi ochuluka moti poizoniyu amasungunuka, koma m'thanki ya malita 100 alibe kolowera. Chomwe chimapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya, ndipo ntchito yawo ili pawiri. Ena amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi woopsa chifukwa amalowa m'magazi a nsomba n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya. Mukaona nsomba ikupumira m'mwamba pamene madzi akuthovoka bwinobwino, kayikirani nitrite. Ena, makamaka a mtundu wa Nitrospira, amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe nsomba zimapirira ndipo amachoka posintha madzi. Mabakiteriyawa amamatirira pa siponji, pa timiyala ndi pa galasi, ndipo amaswana pang'onopang'ono kwambiri. M'madzi enieniwo amakhalamo ochepa, n'chifukwa chake kupempha ndowa ya madzi a m'thanki ya mnzanu sikuthandiza kwenikweni.

Kuwaweta sikufuna nsomba ngakhale imodzi. Yambani mwadzaza thanki panja n'kuisiya masiku angapo, chifukwa silikoni yomata magalasi imakalamba, ndipo lita iliyonse ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ikapanda kudontha, ikani mchenga, yatsani fyuluta, madzi akhale otentha madigiri 25 mpaka 28, ndipo muchotsemo klorini ndi mankhwala ake, popeza klorini wa m'madzi a pampopi ntchito yake ndi kupha tizilombo. Kenako thirani amoniya wopanda sopo kapena fungo lowonjezera mpaka afike mamiligalamu 2 pa lita. Ngati sakupezeka, kachakudya ka nsomba kotsina ndi zala tsiku lililonse kadzaola n'kumupanga. Mukamayeza madzi mudzaona amoniya akutsika, nitrite akukwera n'kukhala pamwamba masiku ambiri mpaka kukutayitsani mtima, kenako nayenso n'kugwa. Tsiku lomwe mudzathire amoniya n'kupeza patatha maola 24 kuti iye ndi nitrite onse ali pa ziro, thanki yapsa. Sinthani madzi ambiri kuti nitrate atsike, n'kuyamba ndi nsomba zochepa.

Ena amati kale ankaika nsomba tsiku lomwelo ndipo zinkakhala. Ndi zoona kuti nsomba zolimba ngati zebra danio zimatha kupulumuka, koma kupulumuka sikutanthauza kuti sizinavulale, ndipo zomwe zinkafa m'mwezi woyamba anthu ankangoti wogulitsa anawapatsa zodwala. Ena amaloza madzi n'kunena kuti ndi oyera mbee. Amoniya ndi nitrite alibe mtundu, choncho diso silingaweruze mlanduwu. Mtsutso womwe ndimaulemekeza ndi wa mabakiteriya ogulitsidwa m'mabotolo. Ena amafupikitsadi nthawi, koma botolo lomwe lakhala pa shelefu yotentha silodalirika, ndipo mungadziwe ngati lagwira ntchito poyeza madzi basi. Njira yachidule yomwe ndimaivomereza ndi mtima wonse ndi kutenga chidutswa cha siponji yakuda, yonyowa, kuchokera mu fyuluta ya thanki yokhazikika yopanda matenda, n'kuchilowetsa mu fyuluta yanu chisanaume.

Kwa ife kuno pali mayesero apadera, omwe ndi mbuna. Nsomba za m'miyala ya Nyanja ya Malawi zimenezi zimawetedwa m'mathanki mpaka ku Germany ndi ku America, ndipo munthu amalakalaka kuzisakaniza ndi tinsomba ta neon tetra. Musatero. Mbuna ndi zandewu, zimateteza malo awo, ndipo zimafuna madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) pafupifupi 8 ngati a kwawo. Pa pH 8, gawo la amoniya lomwe limapha limachuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi pa pH 7, kutanthauza kuti wofuna mbuna ndiye ayenera kusamala kwambiri kuti asaike nsomba thanki isanapse.

Thanki ikapsa, mabakiteriya aja amafunabe mpweya usana ndi usiku. Magetsi akazima kwa maola ambiri, madzi a mu fyuluta amaima ndipo mabakiteriya amayamba kufa, choncho kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kofunika kuposa maluwa apulasitiki. Siponji ikada, ifinyireni m'madzi omwe mwachotsa m'thanki momwemo, osati pampopi. Ndipo ngati ndalama zikukwana chinthu chimodzi chokha mwezi uno, gulani zoyezera madzi. Nsomba mukagule mwezi wamawa.